Miyala ya m'Jekete la Sekuru Kuki

Uthenga unalowa pa foni yanga Lachiwiri masana ndili m'shedi, ndikusankha fodya. Inali kalata ya nkhani imene amatumiza anthu a kumalo ophunzirira za Ayuda, pa yunivesite ina ya ku Joni. Imabwera kangapo pa chaka, ndipo zambiri za m'menemo ine sizindikhudza: wakutiwakuti adzakamba za mabuku akale Lachinayi, ofuna kuphunzira Chiheberi alembetse msanga, laibulale yalandira makatoni a makalata kuchokera ku banja linalake. Ndimangoyendetsa chala n'kubweza foni m'thumba. Koma ulendo uno, pansi pa chidziwitso cha msonkhano, ndinaona a Jailosi Nkhoma akundiyang'ana, atavala jekete lawo lija la matumba olendewera. M'munsi mwa chithunzicho munali mizere isanu ya Chingerezi yonena kuti patha chaka chimwalirireni. Ndinaika fodya pansi. Folomani anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ananso, nkhani inathera pomwepo.

Pa komboni yathu, kufupi ndi Banket, dzina loti Jailosi ankalidziwa ndi ochepa. Tonse tinkati Sekuru Kuki, kutanthauza agogo ophika. Sanali abale anga. Khomo lawo linangoyang'anizana ndi la mayi anga, mpope wa madzi uli pakati. Anali munthu wamfupi, wa Chinyanja chakale chosasakaniza, ndipo mwana akawayankha m'Chishona ankangoti duu ngati ogontha, mpaka mwanayo abwereze m'chilankhulo cha agogo ake.

Matumba a jekete lija analendewera chifukwa cha miyala. Kulikonse kumene ayenda ankatola timiyala tosalala, tosaposa dzira la nkhunda, n'kumatisunga m'chitini cha jamu pakhomo. Lamulungu lililonse, potuluka m'tchalitchi, ankadzaza matumba n'kulunjika kumanda, kuseri kwa kaphiri, ali okhaokha.

Tsono kwathu munthu sapita kumanda yekha. Umapitako pa maliro, kapena pa tsiku lolambula anthu atagwirizana, kapena ngati uli wa gule. Wopita yekha dzuwa likuswa mtengo, m'thumba muli zolemera, ali ndi dzina lake, ndipo dzinalo ndi mfiti. Ine ndinakula ndikuuzidwa kuti ndisalandire kanthu m'manja mwa Sekuru Kuki. Vuto linali la Lachisanu, pamene ankaphika buledi woluka ngati tsitsi mu uvuni wawo wa mgolo wodula. Fungo lake linkagonjetsa mantha. Tinkadya titabisala kuseri kwa balani, n'kudikira kuti tife. Palibe anafa.

Anabwera kuno ali mnyamata, pa lole ya ulere imene inkatuta anthu a ku Nyasalande kudzalima m'mapulazi. Anayamba ndi khasu, kenaka dimba la masamba, kenaka khitchini. Mwini pulazi nthawi imeneyo anali Myuda. Antchito anamutcha Kachipewa chifukwa cha kansalu kozungulira kamene kankakhala pa liwombo pake, ndipo mkazi wake anatchedwa madamu a Kandulo chifukwa ankayatsa makandulo awiri dzuwa likamalowa Lachisanu, ngakhale magetsi atafika kale. M'khitchini ya madamuwo miphika ya nyama inali ndi ulusi wofiira pa chogwirira, ya mkaka ulusi woyera, ndipo sinkakumana ngakhale potsuka. Dzira linkayamba laswedwera m'kapu kuti aone ngati mulibe kadontho ka magazi. Nkhumba ndi mlamba sizinkaponda pakhomo.

Sekuru anali Mkhristu wobatizidwa, woimba besi m'kwaya, koma malamulo amenewa anapita nawo kunyumba, ndipo akazi awo a Nabanda anavutika nawo mpaka tsiku lomaliza. Tangoganizani: nyumba ya chipinda chimodzi, miphika itatu, koma mwamuna akukufunsa kuti mpeni uwu wadulira chiyani. Chonsecho Sekuru akapeza mbewa zowamba kwa anansi ankadya mutu ndi mchira womwe. Ukawafunsa ankati lamulo la madamu linali la m'khitchini, pabwalo la eni ake silifika.

Mdani wawo wa tsiku ndi tsiku anali Che Amidu, Myao wachisilamu amene ankazinga mbuzi ndi nkhuku za pa komboni. Awiriwa anakangana za mpeni zaka zosawerengeka. Sekuru ankati wozinga nyama wa Ayuda, amene ankabwera kuchokera ku tauni, ankayendetsa chikhadabo pa mpeni kufuna pogumuka, pomwe mpeni wa Che Amidu unali ngati sowo. Che Amidu ankayankha kuti munthu wodya mbewa alibe pakamwa ponenera za mpeni wa wina. Akatopa ankamwa tiyi m'kapu imodzi, chifukwa inayo inali yosweka. Tsiku limene Che Amidu anaikidwa, Sekuru anaima patali Asilamu akupemphera, ndipo sabata yonseyo sanaphike buledi.

Za miyala zinayamba ndi mwana. Kachipewa ndi madamu anali ndi kamtsikana, dzina lake Rute, kamene Sekuru ankakabereka kumbuyo akusenda mbatata. Kanadwala malungo mvula ili pakati, mtsinje utadzaza mpaka kukwirira mlatho. Kanamwalira kasanakwane zaka zisanu. Ku manda a Ayuda ku tauni kunalibe kodzera, ndipo mwambo wawo sulola kusunga maliro masiku ambiri, motero anakaika m'tsinde mwa kaphiri, kumtunda kwa manda a antchito, waya ali pakati. Sekuru anali mmodzi mwa okumba. Pambuyo pake anaona kuti madamu akapitako satenga maluwa. Ankangoika kamwala kamodzi pa mwala wolembedwa uja n'kubwerera. Atawafunsa, madamu anati n'cholinga choti wodutsa aliyense adziwe kuti mwanayu ali ndi anthu ake.

Kachipewa atamwalira, madamu anagulitsa pulazi n'kutsatira mwana wawo wamwamuna kutsidya la nyanja. Potsanzika anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti Jailosi azikawaikirako mwala. Sekuru anayamba kuikira Rute yekha. A Nabanda atamwalira anayamba kuikira iwonso, kenaka oyandikana nawo, mpaka anapezeka kuti akuyendera manda onse mzere ndi mzere, akutchula dzina la wogona pamenepo ndi mudzi umene anachokera. Waya wa pakati uja anachita dzimbiri n'kugwa, ndipo iwo sanamudzutse.

Akuluampingo anawaitanapo kawiri kuti afotokoze. Iwo anati maluwa amafota, otsala mbuzi zimadya, mtanda wa thabwa chiswe chimamaliza mvula ziwiri zisanathe, koma mwala sufuna woulondera. Anati ngati m'Baibulo muli vesi loletsa munthu kunyamula mwala awawerengere, iwo akakhuthula matumba pomwepo. Vesilo silinapezeke. Koma anthu sanasiye kunong'ona, ndipo ine ndinali mmodzi wa onong'onawo. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Kuti mumvetse chimene chinali pa mtima pawo, muyenera kudziwa kuti ife tilibe kumusha, monga amanenera anzathu Achishona. Makolo athu anabwera kudzagwira ntchito ya zaka ziwiri n'kusanduka matchona. Munthu akafa pano palibe lole yomutengera kwina. Mudzi wathu ndi manda ajawo. Pambali pa a Nabanda, Sekuru anasunga malo a munthu mmodzi, ndipo wina aliyense woyesa kukumbapo ankakumana ndi ndodo.

Itadutsa nthawi ya jambanja, pamene anthu ankalanda mapulazi a azungu, pulazi yathu inagawidwa m'mapuloti. Chigawo cha kuseri kwa kaphiri chinagwera bambo wina wa ku Guruve, a Marimo. Zaka zoyamba ankalima ndi ng'ombe, kumunsi kokha. Fodya atawayanja anabwereka thirakitala, ndipo m'mawa wina wa mwezi wa Okutobala thirakitalayo inadya mzere wonse wa m'mphepete mwa manda. Mu mzere umenewo munali Che Amidu. Sekuru anafika akuthamanga, munthu wa zaka zimenezo, n'kuima kutsogolo kwa matayala.

"A Marimo, mukulima anthu!"

"Sekuru, ini handisi kuona makuva pano," anatero a Marimo m'Chishona, kunena kuti sakuona manda. "Ndikuona udzu ndi miyala basi. Zikhomo za puloti yanga zili uko, kumtunda. Pepala ndili nalo. Imi mune pepa here?"

Pepala Sekuru analibe. Ndipo kunena zoona a Marimo sananame: mitumbira yambiri inali itafafanizika, mitanda inatha kalekale, chooneka chinali timilu ta miyala m'udzu. Anavomera kuimitsa thirakitala chaka chimenecho, koma ananena mosabisa kuti chaka chamawa adzalima mpaka pa zikhomo. Mzere wotsatira unali wa a Nabanda. A komiti ya pa komboni anapita ku ofesi ya za malo, ndipo kumeneko anafunsidwa funso lomwelo: umboni woti pali manda uli kuti, ndipo ogonamo ndi ndani?

Hana anabwera mvula itatha, pa galimoto yobwereka yodzaza fumbi. Anali mayi wachitsikana wa ku malo ophunzirira za Ayuda aja. Anati kwawoko ayamba ntchito yolemba manda onse a Ayuda omwazikana m'mapulazi ndi m'matauni ang'onoang'ono, asanatayike, ndipo m'makalata a banja lina anapezamo za mwana woikidwa m'tsinde mwa kaphiri kufupi ndi Banket. Anali atazungulira kaphiriko kawiri osaona kanthu. Sakanaona. Chiyambire jambanja, poopa akuba miyala ya pamanda, Sekuru anakwirira manda a Rute ndi nthambi zaminga, mitengo n'kumera mozungulira.

Anandiitana ine kuti ndimasulire, poti ndinafika Fomu 4. Sekuru Chingerezi cha m'khitchini ankachidziwa bwino lomwe, koma tsiku limenelo anati chinaguluka pamodzi ndi mano. Anamuyang'ana Hana, kope lake, foni yake yosonyeza malo pa mapu, n'kufunsa kuti zimene alembezo zipita kuti. Hana anati zisungidwa ku yunivesite, ndipo zina zituluka m'kalata yawo ya nkhani imene imawerengedwa m'maiko ambiri.

"Ndiye kuti ndi pepala," anatero Sekuru.

"Ndi pepala, Sekuru," ndinayankha.

"Uwauze atenge chipewa. Dzuwa ndi lambiri."

Anavala jekete, anakhuthulira chitini chonse m'matumba, tinanyamuka. Sanalowere njira ya kumtunda kumene ine ndinkaganiza kuti kuli mwana uja. Anayambira kumunsi kwenikweni, pamalire ndi fodya wa a Marimo. Anaima pa kamulu koyamba, anaikapo mwala, nati: "Laimoni Mwale, wa kwa Chimbalu, ku Dowa. Woyendetsa ngolo." Kenaka anangoima. Hana anamwetulira mwaulemu n'kudikira kuti tipitirire. Sekuru sanasunthe.

"Esinati, uwauze alembe."

Ndinamasulira. Hana analemba, mwina poganiza kuti ndi ulemu wa manda oyamba. Pa achiwiri zinali chimodzimodzi, ndiponso Sekuru analoza foni kuti malowo alowe pa mapu. Pofika pa manda achikhumi nkhope ya Hana inali itafiira, osati ndi dzuwa lokha. Anandiuza kuti ndiwafotokozere bwinobwino agogowo kuti iye watumidwa za manda a Ayuda, kuti galimoto iyenera kubwerera ku Harare tsiku lomwelo, ndiponso kuti ena onsewa, ngakhale akuwalemekeza, sali m'ntchito yake. Ndinamasulira mofewetsa. Sekuru anamva Chingerezicho ndisanatsegule pakamwa.

"Usathire shuga, iwe. Ndamva. Uwauze kuti mwana amene akumufunayo ndinamubereka kumsana kuno, manda ake ndinakumba ndi manja awa, ndipo zaka zonsezi sanagonepo wopanda mwala. Amene anandithandiza kukumba ndi awa akuwapondawa. Mwanayo ali kumapeto kwa mzere. Njira yake ndi yomweyi, ina kulibe. Akafuna yachidule akafunse thirakitala."

Ndinamasulira zonse, za thirakitala zomwe, ndipo ndinawonjezera zanga za a Marimo ndi zikhomo. Hana anayang'ana fodya amene anali atamera pamene panali mzere woyamba. Kenaka anaimba foni, analankhula ndi mwini galimoto, n'kutsegula tsamba latsopano m'kope.

Tinatha masiku awiri. Usiku Hana anagona kwa mayi anga. Sekuru sanaphonye dzina, ndipo aliyense ankamutchula ndi mudzi wake, mfumu yake, ndi ntchito yake: uyu wa ku Ntcheu, wowotcha fodya, uyu wa ku Mangochi, telala, awa ana atatu a mayi mmodzi, anafa ndi chikuku. Ena ankawawonjezera mawu oti Hana asalembe, monga woba nkhuku wina amene anamuikira mwala uku akumutukwana. Mmodzi yekha ndi amene analibe dzina, munthu wa ku Tete amene anafika akudwala n'kumwalira sabata isanathe. Sekuru anati alembe kuti mlendo wa ku Tete, chifukwa nayenso anabadwa kwa mayi. Pa a Nabanda sananene zambiri. Anaika miyala iwiri, n'kuloza ndi ndodo malo opanda kanthu pambali pake, nati pamenepo asiye mzere wosalemba. A mu mzere wolimidwa uja anawatchula ataima m'fodya, a Marimo akuyang'ana chapatali. Pofika pa Che Amidu mawu anawathawa, ndipo dzinalo ndinatchula ndine.

Madzulo a tsiku lachiwiri anatiuza kuti tichotse minga. Mwala wa Rute unali utaima bwinobwino, koma theka lake linali litamira mu mulu wa timiyala. Hana anagwada, anasuntha pang'ono ndi dzanja kuti aone zilembo, ndipo analira. Inenso ndinalira, ngakhale mwanayo anafa mayi anga asanabadwe. Sekuru anapempha kuti awerenge zilembo zija mokweza, poti zaka zonsezi ankangoziona ngati mapazi a nkhuku. Atawerenga, anamupempha kuti anene pemphero limene Kachipewa ananena pa tsiku la maliro. Hana anati pemphero limenelo limafuna Ayuda khumi akhalepo.

"Khumi? Pano tadzaza, kungoti enawa agona."

Hana anati ayenera kukhala Ayuda, ndiponso amoyo. Sekuru anaseka mpaka kutsokomola.

"Malamulo ake omwe aja! Awa ndi madamu enieni."

M'malo mwake Hana ananena salimo m'Chiheberi. Sekuru atafunsa nambala yake, analinena lonse pamtima m'Chinyanja cha m'Baibulo lakale, chipewa chili m'manja.

Patapita miyezi itatu kalata ya nkhani ija inatuluka. Pakati pa chidziwitso cha maphunziro a Chiheberi ndi nkhani ya mlendo wina wodzakamba za nyimbo, panali masamba anayi a pulazi yathu: chithunzi cha mwala wa Rute, mapu a timadontho, ndi maina onse, aliyense ndi mudzi wake. Hana anandiuza pambuyo pake kuti akuluakulu ake ena anafunsa chimene maina a Achewa ndi Ayao akufuna m'kalata ya za Ayuda, ndipo iye anawayankha kuti manda ake ndi amodzi, waya anagwa kale. Ndinakasindikiza masambawo ku Banket. A komiti anapita nawo ku ofesi ya za malo maulendo atatu, ndipo pa ulendo wachitatu Sekuru anapita nawo, jekete lili pathupi. Mvula isanagwe kunabwera munthu ndi tepi, zikhomo zinazulidwa n'kukhomedwa kumunsi kwa manda.

A Marimo sanakondwere, ndipo sanabise. Koma maina akuwerengedwa pamaso pa wa tepi uja anavula chipewa, ndipo atathyola fodya mzere wa m'mphepete uja sanaulimenso. Chovuta n'chakuti khasu la thirakitala linali litamwaza miyala yonse. Sekuru anayesa kuwerenga mapazi kuchokera pa mtengo wa msasa, koma sanatsimikize pamene Che Amidu agona. Anaunjika mulu pongoyerekeza. Nkhani imeneyi inawapweteka mpaka imfa, ndipo a Marimo akawapatsa moni ankangokweza ndodo.

Anamwalira chaka chatha nthawi ngati ino, atadwala chifuwa masabata awiri. Tinawaika pambali pa a Nabanda, mkati mwa zikhomo. Adzukulu atamaliza kuunda mtumbira, amayi a chigwirizano anaika nkhata zawo za maluwa monga mwa nthawi zonse. Kenaka mayi anga, amene ankandiletsa buledi uja, anawerama, anatola kamwala n'kukaika pamwamba. Anthu anayamba kuyang'ana pansi, aliyense kufuna kake.

Mizere isanu ya m'kalata ya Lachiwiri ija ikuti a Jailosi Nkhoma, a ku Banket, anathandiza kwambiri pa ntchito yolemba manda. Sanalakwitse kanthu. Koma mawu oti a ku Banket anandikumbutsa za pepala langa la maina, limene ndinasindikiza lija. Lamulungu lapitali ndinalitulutsa m'Baibulo, ndinatenga bolopeni kuti ndidzaze mzere umene iwo anati usiyidwe. Ndinalemba dzina. Ndinalemba ntchito: kuki. Pofika pa mudzi, bolopeni inaima. Ndinafunsa mayi anga, anati mwina ku Dedza, poti malankhulidwe awo anali a kumeneko. Ndinafunsa akuluampingo, anati m'kaundula munangolembedwa kuti Nyasalande. Ndinalembera Hana, anamvetseranso mawu onse amene anajambula masiku awiri aja, n'kuyankha kuti mulibe. Munthu anatiuza midzi ya anthu onse aja, mfumu ndi mfumu, ife tili pambali pake ndi kope ndi foni, ndipo palibe mmodzi wa ife anaganiza zowafunsa kuti nanga inu, Sekuru, kwanu ndi kwa yani.

M'nyumba mwawo munalowa banja lina, anthu abwino, a ana ambiri. Uvuni wa mgolo unabooka, nkhuku zimaikiramo mazira. Chitsa chimene ankakhalapo pafupi ndi mpope chidakalipo, ndipo amayi amatsamiritsapo zidebe podikira madzi. Jekete tinawaveka. Chitini cha jamu ndinatenga ine, chili pawindo panga, ndipo Lamulungu ndimapita nacho kuseri kwa kaphiri, pepala lili m'manja chifukwa pamtima sindingathe. Ndimayambira kumunsi monga ankachitira iwo, dzina ndi mudzi, dzina ndi mudzi. Ndikafika pambali pa a Nabanda ndimatchula dzina, n'kuima kanthawi pamene pakanakhala mudzi, kenaka ndimaika mwala.